Ndalama ya M'manja mwa Machona

Ndikukumbukira fungo la komboni yathu ku Tengwe m'miyezi yowotcha fodya. Mabalani ankafuka osapuma, ndipo kafungo kotsekemera ka masamba ouma kankalowa m'mabulangete, m'mayunifolomu athu, ngakhale m'tiyi. Akuluakulu ambiri a pa pulazipo anali ochokera ku Malawi, anthu amene anabwera ali anyamata kudzafuna ya njinga ndi suti, n'kumera imvi asanabwerere. Kwawo amawatcha machona. Ife ana awo tinabadwira pomwepo. Kusukulu tinkayankhula Chishona, kunyumba Chinyanja, ndipo dziko la Malawi tinkangolimva m'kamwa mwa anthu, makamaka akaledzera kapena akakhala pamaliro.

Bambo anga, a Phiri, anali khukhi kunyumba ya mzungu. M'nyumbamo munali Dona wokalamba, mayi wake wa mwini pulazi, amene ankasonkhanitsa ndalama zasiliva zachikumbutso. Izi si ndalama zogulira buledi. Dziko likafuna kukumbukira chinthu chachikulu, monga ufulu wake kapena ukwati wa mfumu, limasulitsa ndalama zochepa chabe, zosula mosamala, pansi pake posalala ngati kalilole, chithunzi chake choyera ngati chawazidwa ufa. Amazitcha mapulufu. Iliyonse imabwera yotsekeredwa m'kachikuto ka pulasitiki koonekera, m'kabokosi kake, pamodzi ndi kapepala kochitira umboni. Bambo ankapukuta kabati ya Donayo Loweruka lililonse, ndipo nthenda yake inawagwira momwemo.

Khirisimasi ikafika, antchito anzawo ankalandira shuga, nyama ndi bulangete. Bambo ankapempha kuti m'malo mwa bulangete awapatse ndalama imodzi mwa zimene Dona anali nazo ziwiriziwiri. Amayi nkhani imeneyi sanaikhululuke mpaka ukalamba wawo. M'mwezi wa June, chisanu cha ku Tengwe chikamaluma mafupa, ankadzutsa Bambo ndi chigongono n'kunena kuti, "Dzukani mufunditse ana siliva wanu uja." Masiku ena ankangong'ung'udza akusesa: "Anzathu akuweta mbudzi, ife tikuweta magalasi. Ndalama yanji yosagula ndi mchere womwe?" Bambo ankangomwetulira, poti anali munthu wosadziwa kukangana.

Lamlungu tikachoka kutchalitchi, Bambo ankasamba m'manja ndi sopo, n'kutulutsa chitini cha mabisiketi pansi pa bedi, n'kukhala pakhomo pamene pamawala dzuwa. Ine ndinali mwana woyamba, ndipo ndinali ndekha wololedwa kuyandikira. Ankapendeketsa kachikuto pang'onopang'ono mpaka ndione diso langa likundiyang'ana kuchokera m'silivamo. Panali ya njovu, ya ngalawa, ya mfumukazi yovala chisoti. Malamulo ndinkawadziwa ngati Atate Wathu. Osatsegula. Osapumirapo. Osapukuta, ngakhale ndi nsalu yofewa. Osataya kabokosi kapena kapepala. "Losina," ankatero Bambo, "mtengo wa pulufu uli pa kusagwiridwa. Chala chimodzi chokha, thukuta lake limadya siliva, chidindo chake sichichokanso."

M'chitinimo munali imodzi imene inkatuluka pomaliza. Dona anawapatsa tsiku limene ankamusamutsira kunyumba ya okalamba ku Harare, ndipo iyo yokha analibe inzake. Inali yaikulu, yolemera, yokumbukira ufulu wa Malawi. Mbali ina inali ndi nkhope ya mtsogoleri, mbali inayo mapu a dzikolo, aatali, owonda ngati tsamba la fodya lofota. Bambo ankatenga kaudzu n'kuloza pamwamba pa pulasitiki, cha kumunsi pang'ono. "Apa ndi pa Ntcheu. Apa pali azakhali ako a Enelesi." Enelesi anali mlongo wawo yekhayo. Anamusiya ali kamtsikana, ataima pamsewu, akuwauza kuti pobwera amubweretsere malata a nyumba. Bambo ankati ndalama imeneyo njosowa, njoposa zinzake zonse pamodzi, ndipo tsiku lopita kwawo ndiyo idzagule malatawo.

Chaka chimene ndinalowa giredi faifi, a Jailosi anadwala. A Jailosi anali mnzawo wa Bambo wa ponda apa nane mpondepo. Anachoka limodzi ku Ntcheu, anagona limodzi m'njira, ndipo moyo wawo wonse anaukhalira akusonkhezera moto m'mabalani mpaka chifuwa chinatha. Masana ena Amayi anandituma kuti ndikawapatse phala. Ndinapeza Bambo atakhala pamphepete pa mphasa. M'kanyumbamo munali mdima ndi fungo la mankhwala opaka, ndipo a Jailosi anali atatsala maso okha.

"Achimwene," anatero motsitsa, "ine kwathu sindifikakonso. Andiika kuseri kwa damu uko ngati munthu wopanda kwawo."

Bambo anadzuka n'kutuluka, ine n'kutsala nditagwira mbale. Atabwerera anali ndi ndalama ya Malawi ija ndi kampeni ka kukhitchini. Analowetsa nsonga pamphepete pa kachikuto, n'kupotoza. Kanalira kuti thwa.

"Ababa, paja munati sititsegula," ndinatero.

Sanandiyang'ane n'komwe. Anatambasula dzanja la a Jailosi, dzanja lakuda ndi phula la fodya, n'kuikamo ndalamayo, n'kupinda zala zawo chimodzichimodzi. "Gwirani kwanu, achimwene," anatero. A Jailosi anaigwira mwamphamvu moti mitsempha inaoneka. Anamwalira tsiku lotsatira ikadali m'dzanja, ndipo adzukulu osambitsa maliro anaibweza kwa Bambo asanatseke bokosi. Nditaiona, kalilole uja anali atachita chifunga, ndipo pa mapu panali chidindo cha chala chachikulu.

Palibe anakhala pansi kuti akhazikitse mwambo. Unangoyamba wokha. Mtchona akamwalira, wina ankabwera pakhomo pathu, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, "A Phiri, tadzabwereka kwathu kuja." Sankati ndalama, ankati kwathu. Ndalamayo inkagona m'dzanja la malemu mpaka nthawi yotseka bokosi, kenako n'kubwerera. Mbiri inafika ku mapulazi oyandikana nafe, ndipo anthu ankapalasa njinga mtunda wautali kudzaitenga. Anansi athu achisilamu ankaipempha munthu asanatsirizike, poti iwo sachedwetsa maliro ndipo kumanda sapita ndi kanthu. Bambo sanamane munthu, sanalipiritsenso munthu.

Koma chinthu chochokera kumaliro sichilowa m'nyumba ya ana chisanayeretsedwe. Pamenepa Amayi sankamva za munthu. Ndalama ikabwera, ankaiika pamwala wotsukira mbale n'kuikwecha ndi phulusa, molimbika, monga ankachitira ndi masefuliya. Bambo ankaima chapatali akuluma mlomo, ngati akukwecha khungu lawo. Tsiku lina anayesa kunena kuti madzi okha ndi okwana. "Mukufuna akufa a komboni yonse azigona pansi pa bedi langa?" anafunsa Amayi. Nkhani inathera pomwepo. Ndalamayo inkawala ndithu ikakwechedwa, koma kunali kuwala kwa supuni, ndipo diso langa silinkaonekamonso.

Uthenga wa ku Ntcheu unabwera ndi mkulu wina wa ku Karoi amene anapita kumudzi kukaona abale. Anakhala pakhonde pathu, anamwa madzi, n'kunena kuti anaonana ndi a Enelesi. Anati akudwala matenda aakulu, miyendo yatupa, ndipo anamutuma mawu awa: akauzeni achimwene kuti ngati akufuna kundipeza wamoyo, asadikire mvula. Mlendo atapita, Bambo anapempha tchuthi kwa mzungu, anatsuka malaya awo oyera, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze ku Harare kukagulitsa za m'chitini. Chingerezi chawo chinali cha kukhitchini, cha supu ndi pudini, ndiye anafuna kuti ine wa kusukulu ndikakhale pakamwa pawo.

Tinakwera basi m'mawa, Bambo atafukata chitini m'kati mwa jekete. Ine mtima unali m'mwamba. Anandilonjeza kuti ndalama zikakwana tipita tonse, ndipo ndinali nditauza kale kalasi yonse kuti ndikupita ku Malawi. Njira yonse Bambo ankakamba za katundu: malata akagula ku Ntcheu komweko, koma mabulangete, nsalu ndi shuga agula ku Harare, poti za ku Halale anthu amazidziwa ndi fungo. Mtchona safika kwawo chimanjamanja. Akatero, anthu amamulonjera bwinobwino, koma akatembenuka amafunsana kuti zaka zonsezi amakatani kumeneko.

Sitolo yogula ndalama zachikumbutso tinaipeza m'kanjira kena m'tauni, yaing'ono, ya chitseko cholira belu. Mwini wake anali mkulu wa imvi, wofatsa. Anavala magolovesi oyera, anayala kansalu pa tebulo, n'kuyamba kuona imodziimodzi ndi kagalasi ka padiso. Ya njovu, ya ngalawa, ya mfumukazi, zonse anaziyamikira kuti zasungidwa bwino. Koma anati mitundu imeneyo inasulidwa yambiri, osonkhanitsa ambiri ali nazo kale, motero mtengo wake suposa kwenikweni wa siliva amene alimo. Ndinamasulira. Bambo anagwedeza mutu mosadandaula, chifukwa chiyembekezo chawo sichinali pa izo. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa ya Malawi, yokulunga m'kampango.

Mkulu uja anaitenga, anaitembenuza, n'kuusa moyo. Anayankhula kwa nthawi ndithu, akundiyang'ana ine, ndipo ndinamva mawu aliwonse. Anati iyi ndiye inali yosowa, ndipo ikanakhala m'kachikuto kake akanaigula pa mtengo woposa zinzakezo kuphatikiza pamodzi. Koma yagwiridwa, yakwechedwa, nkhope yake yonse ndi mikwingwirima. Kwa wosonkhanitsa si pulufunso. Akhoza kuiika pa sikelo n'kulipira kulemera kwake basi, ngati ya kukasungunula. Anawonjezera, mwina pofuna kungocheza, kuti ndalama zotere zinkasulidwa kutsidya kwa nyanja n'kugulitsidwa konko, ndipo n'kutheka kuti iyi sinapondepo ku Malawi.

"Akuti bwanji?" anafunsa Bambo.

Ndinali mwana, koma ndinadziwa kuti m'kamwa mwangamo muli malata a azakhali, muli ulendo wonse. Ndinawauza zonse, osasiyako, ndikuyang'ana mabatani a malaya awo. Bambo anamvetsera mpaka kumapeto. Sanachonderere, sanafotokoze za a Jailosi. Ndikhulupirira kuti ankadziwa kuyambira tsiku lija la kampeni, koma anali atadzinyengerera kuti kusowa kwake kudzaphimba zipsera. Anatambasula dzanja, mkulu uja anawabwezera, iwo n'kuikulunganso m'kampango. Zinazo anagulitsa, pamodzi ndi timabokosi take. Tinatuluka ndi chitini chopanda kanthu.

M'basi ndinalira, ndipo kunali kulira kwa mkwiyo. Ndinakwiyira a Jailosi, ndinakwiyira akufa onse a ku Tengwe amene anadya ulendo wanga ndi zala zawo, ndinakwiyira phulusa la Amayi. Titadutsa Chinhoyi ndinalephera kupirira. "Ababa, mwaimva nkhani yake? Ndalama yanuyo ku Malawi sinafikeko n'komwe. Anthu onse aja amagwira chinthu cha kwa azungu."

Bambo anayang'ana pawindo, minda ya fodya ikudutsa. "Nanga iwe unafikako?" anandifunsa.

"Ayi."

"Koma ndiwe wa kuti?"

Ndinafukata chitini chopanda kanthu chija, nanenso n'kuyang'ana pawindo.

Ndalama zimene tinapeza kusitolo kuja zikanakwana mapepala a ulendo ndi basi ya munthu mmodzi, popanda malata, popanda mphatso. Amayi, amene zaka zonse ankanyoza chitini chija, ndiwo anawakakamiza kwambiri. "Pitani choncho, bambo a Losina. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlongo wanu akufuna nkhope yanu, sakufuna denga." Bambo anati adikire bonasi ya fodya akagulitsidwa, awonjezere, apite ngati munthu. Anatumiza bulangete ndi ndalama pang'ono kudzera mwa mkulu wa ku Karoi uja. Mpaka lero ndimawakwiyira pa chimenechi, ngakhale ndimawamvetsa. Manyazi anasunga amuna ambiri m'makomboni kuposa umphawi. Mvula inagwa, fodya anakula, ndipo asanalowe m'mabalani tinamva kuti azakhali a Enelesi anaikidwa kale.

Bambo sanakambenso za ulendo. Lamlungu ankakhalabe pakhomo paja, m'manja mulibe kanthu. Pulazi litasintha eni, ntchito ya ukhukhi inatha, tinatsala m'komboni momwemo tikudalira maganyu. Thupi lawo linayamba kubwerera m'mbuyo, ndipo anamwalira ndisanamalize sekondale. Amayi anatenga ndalama ija n'kupatsa adzukulu, ndipo anawauza poyera kuti ulendo uno isabwerere. "Njawo," anatero. "Inawadyera ulendo, apite nayo." Ine ndinagwirizana nawo ndi mtima wonse. Ndinkafuna Bambo apite atagwira kanthu, ndinkafunanso kuti ndisadzaionenso.

M'mawa wa tsiku loika maliro, bokosi lisanatsekedwe, madoda okalamba a m'komboni anabwera kumene tinakhala azimayi. Anagwada pataliko, zipewa zili m'manja. Amene anayankhula anali a Binwelo, mlonda wakale, wa diso limodzi.

"Mayi a Losina, pepani, tikudziwa kuti ndi katundu wa malemu. Koma taonani mitu yathuyi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukaikwirira, isu tidzagwira chiyani?"

Amayi anawayang'ana mmodzimmodzi. Onse anali anthu amene tinkawadziwa, onse anabwera ali anyamata, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanadzaonanso kwawo. Amayi anafunditsa nkhope ndi chitenje, analira, kenako anagwedeza mutu movomera. Mdzukulu analowa m'nyumba, anatambasula zala za Bambo, n'kutuluka nayo. Anaipereka kwa ine, poti ndinali woyamba kubadwa. Inali yozizira. Tsiku limenelo Amayi sanaikweche ndi phulusa.

Lero zinthu zinasintha. Mabalani ambiri a ku Tengwe anagwa madenga, anthu a m'komboni yathu anabalalika, ena ku Karoi, ena ku Selous, ena kumigodi. Ana athu ali ndi zitupa za dziko lino, Chinyanja amachimva koma amayankha m'Chishona, ndipo akamwalira sadzafuna kugwira dziko lina. Mwana wanga wamwamuna anafufuza ndalamayo pa foni, anandionetsa chithunzi cha inzake yosagwiridwa, ikunyezimira m'kachikuto, n'kundiuza mtengo wake akugwedeza mutu. Ndinaiyang'ana ndithu. Njokongola, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake anthu amazisunga choncho. Pa yathuyi Ntcheu sakuonekanso bwino, anafufutika ndi zala.

Ulendo umene unakanika Bambo moyo wawo wonse, ine ndinauyenda ndili mayi wa ana, pa basi yodzera ku Tete, ndipo sunali wautali monga ndinkaganizira. Kumudzi kwawo anandilandira bwino, koma amene ankakumbukira dzina la Bambo anali nkhalamba imodzi yokha. Mdzukulu wa azakhali ananditengera kumanda, atapempha chilolezo kwa eni mudzi, n'kundionetsa mtumbira wopanda mwala. Ndinagwada, ndinamasula kampango, n'kuika ndalamayo padothi. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'basi, koma onse anathawa.

"Azakhali, ndine Losina," ndinatero. "Achimwene anu afika. Malata alibe, koma abwera ndi anzawo."

Ndinaisiya pamenepo mpaka dzuwa linaitenthetsa. Kenako ndinaitola, dothi lake osalipukuta, n'kuikulunganso. Sindikanaisiya. A Binwelo anali akadali moyo ku Karoi, ndipo pondiperekeza ku basi anandigwira dzanja n'kundiuza kuti ndisachedwe.